Buleki Yakumbuyo ya Gostino

Sendererani kuno, ndipo musiye kaye phokosolo. Inu amene mukakumana ndi Gostino pamtsetse wa Kalilombe, akutsika ndi njinga yamoto mapazi akukhwekhwereza pansi ngati wophunzira, mumamukuwiza kuti, “Gulani buleki, madala!”, lero mumve chimene mumasekacho. Mukamva, mukasekenso ngati mungathe.

Gostino ndiye anali wakabaza yekhayo wa njinga yamoto kumtunda kwathu kuja. Mudzi uli pamwamba pa phiri, chipatala chili kuchigwa, ndipo pakati pake pali Kalilombe: msewu wa timiyala toterera, wokhotakhota, phompho kumanzere, thanthwe kumanja. Dzinja likafika galimoto sizikwerako. Ngolo ndiye musatchule n’komwe, ng’ombe zimakana zokha. Wodwala aliyense, thumba lililonse la feteleza, zonse zinkayang’ana Gostino. Ndipo njinga ankaidziwa mnyamata ameneyu, abale inu! Ankatsika Kalilombe akuimba mluzu, phazi lakumanja likungosisita buleki yakumbuyo. Pamiyala yotero ukadalira yakutsogolo yokha, tayala limaterereka, mano n’kukawatola kuphompho.

Mkazi wake anali Nangondo, wamfupi, woseka msanga. Akakwera kumbuyo kwa mwamuna wake sankanena kuti tiyeni. Ankangomukumbatira m’chiuno n’kumugogoda pamimba kawiri ndi zala, ngati mlendo pachitseko, Gostino n’kuponda giya. Chaka chimenecho Nangondo anali woyembekezera mwana wawo woyamba, ndipo miyezi inali itatsala pang’ono kukwana. Kusikelo anamwino anamuuza mosapita m’mbali kuti mwana wagona chopingasa, asayerekeze kudikira kuti matenda ayambire kunyumba, apite akakhale kuchidikiro nthawi ikadalipo. Katundu anali atamanga kale: beseni, zitenje zatsopano, kathumba ka ufa. Chinatsala n’kutsika phiri basi.

Tsono sabata yomweyo, dzuwa litapendeka, kunabwera bambo wina wa kuseri kwa phiri, a Lingisoni, thukuta lili kamukamu. Mkazi wawo Zelifa anali kubanika, mpweya ukutuluka ngati ukudzera m’kabango. Anamukweza pakati, a Lingisoni kumbuyo atamugwira, ulendo wa kuchipatala. Njira yonse mayiyo ankangonena chinthu chimodzi pakhutu pa Gostino.

“Musaime, achimwene. Chonde musaime.”

“Sindiima, mayi. Limbani mtima, tifika.”

Pakati pa mtsetse pali mkuyu waukulu, pamene msewu umakhota ngati chigongono. Atafika pamenepo mutu wa mayiyo unagwera pamsana pa Gostino, ndipo unalemera kulemera kwa mtundu wina. A Lingisoni anakuwa kuti, “Imani! Imani!” Gostino anaponda buleki, njinga inaima bwinobwino. Kumeneko ndiko kunali kugwira komaliza kwa bulekiyo pa Kalilombe.

Munthu anali atapita. Kuchipatala akanakatani naye? Anamumangirira kwa Gostino ndi chitenje kuti asagwe, natembenuza njinga kubwerera kumtunda. Gostino anali asananyamulepo maliro chibadwire. Njira yonse sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Atafika, amayi anathamanga ndi kulira, namasula chitenje, nanyamula m’bale wawo. Iye osadikira n’komwe kuti akuluakulu amulankhule, anangotembenuza njinga, liwiro la kunyumba. Anali ndi mantha, ndipo ine sindimuweruza. Inu mukanakhala?

Patangopita masiku owerengeka, akutsika ndi matumba a kachewere, anaponda buleki pamwamba pa Kalilombe, chopondera chinangoti fwaa mpaka pansi ngati waponda nthochi yakupsa. Njinga inapitirira. Anapondanso, anaimirira n’kupondera thupi lonse, koma ayi ndithu. Chinamupulumutsa ndi giya yoyamba ndi zidendene za nsapato zake, zimene zinathera pomwepo, mpaka anakadzigwetsa dala m’tchire la kumbali ya thanthwe. Kachewere anatsika yekha kuchigwa tsiku limenelo.

Wakabaza aliyense amadziwa poyambira. Pali kachitsulo kochokera pa chopondera kukafika kugudumu lakumbuyo, ndipo kumapeto kwake kuli nati. Ukaimanga, buleki imagwira msanga. Gostino anaimanga pomwepo, nazunguza gudumu ndi dzanja, naponda. Gwi! Gudumu linaima. Anati basi, nkhani yatha. Anakweranso, nalozetsa njinga kumunsi, naponda. Nthochi yakupsa ija.

Madzulo ake anapeza Nangondo atakhala pakhonde, mapazi atatupa, katundu ali pambali.

“Nanga ulendo wathu, bambo?”

“Mawa, Nangondo. Ndikaonetse kaye buleki kwa a Dzimbiri.”

A Dzimbiri ndiwo anali amakaniko athu, pansi pa mtengo wa mango pakamsika paja. Munthu wolongolola kwabasi, koma manja awo sankanama.

“Anyamata a masiku ano mumangodziwa kupotokola mafuta basi,” iwo anatero uku akumasula gudumu. “Taona mashuziwa mmene athera. Ukufuna igwire ndi pemphero?”

Mashuzi ndi tizitsulo tiwiri tokhala m’kati mwa gudumu, timene timatambasuka n’kufinya ukaponda buleki. Kunena zoona sanali atatha kwenikweni, komabe a Dzimbiri anaika atsopano. M’kati mwa gudumu anapalamo ndi sandipepa, natsukamo ndi petulo kuopa kuti mwina munalowa oilo. Anaona kasipuling’i, anawongola kachitsulo kaja, anapaka girisi poyenera girisi. Kenako anakwera okha, nathamanga pabwalo la msika, naponda. Tayala linalemba mzere pansi, fumbi koboo, nkhuku n’kubalalika.

“Imeneyi ikhoza kuimitsa ndi lole yomwe. Pita ukanyamule mkazi wako.”

Koma Gostino anati ayese kaye yekha, ndipo anachita bwino. Pamalo athyathyathya buleki inkagwira. Akaima pachitunda inkagwira. Akangoti mphuno ya njinga yaloza kuchigwa, chopondera fwaa, njinga n’kumakoka ngati pali wina akuikankha kumsana. Anabwerera kwa a Dzimbiri, anasintha kachitsulo konse. Anabwereranso, anabwereka gudumu lathunthu la njinga ina yakufa injini. Chimodzimodzi. Makaniko analeka nthabwala.

“Tiyeni choncho, bambo,” Nangondo anamuchonderera. “Njira mumaidziwa inu. Tizikayenda pang’onopang’ono.”

“Ndikukwezeni panjinga yopanda buleki? Ndiphe anthu awiri ndi manja angawa? Mawa igwira, muona.”

Mawa, mawa. Paja akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Koma musamunene kuti ankazengereza chifukwa cha ulesi. Munthuyu sankagona tulo, ankaonda tikumuona. Akayang’ana mimba ya mkazi wake, n’kuyang’ana phompho la Kalilombe m’maganizo mwake, mtima unkamuthawa.

Ndiye kunayamba tinthu tina.

Njinga inkagona pabalaza, monga amachitira akabaza onse. Chitseko cha nyumba yawo n’chopapatiza, choncho madzulo aliwonse Gostino ankapinda zopondera za wokwera kumbuyo kuti ilowe bwino. M’mawa ankazipeza zili zotambasula, zonse ziwiri. Anayamba wadzikayikira yekha, kuti mwina waiwala. Tsiku lina anazipinda n’kuzimanga ndi chilambe. Kutacha anapeza chilambe chili pansi, chosaduka, chomasulidwa bwinobwino. Nati ija ankaimanga ndi sipanala mpaka dzanja kuwawa, koma m’mawa inkazungulira ndi zala. Galu wawo, amene ankakonda kugona pafupi ndi injini ikamatentha, analeka kulowa m’nyumba. Ankaima pakhomo ubweya uli nyaunyau, akuyang’ana chishalo chopanda munthu.

“Bambo, kodi usiku mumadzuka kukakhala panjinga?” Nangondo anafunsa m’mawa wina.

“Ine? Ndikatani?”

“Ndimamva masipuling’i akulira, kwii, ngati munthu akukhala bwino.” Anasisita mimba yake. “Nanga amene amapuma pabalazayo ndani? Amapuma movutika, ngati mpweya ukudzera m’kabango.”

Gostino anati ndi mphepo ya pazenera.

Tsiku lomwelo masana, akuchokera kwa a Dzimbiri, mayi wina wachilendo wosenza dengu anamubayitsa pamphambano. Gostino anaima. Mayiyo anayandikira, kenako anabwerera m’mbuyo, nagwira pakamwa.

“Pepani, bambo, sindinaone kuti muli ndi odwala. Pitani, musawachedwetse.”

Gostino anayang’ana pagalasi loonera kumbuyo. Munali msewu ndi mitengo basi. Koma pamsana pake, pakati pa mapewa, panali malo amodzi ozizira, aakulu ngati chipumi cha munthu.

Anatembenuka pomwepo kubwerera pansi pa mango paja. A Dzimbiri sanatenge sipanala ulendo uno. Anaizungulira njingayo atagwira manja kumbuyo, kenako anagwada n’kulowetsa dzanja pakati pa tayala lakumbuyo ndi chitsulo chotchinga matope. Njinga ikakhala yopanda katundu, pamenepo pamalowa chikhatho chonse. Panalowa zala ziwiri zokha.

“Tsika,” iwo anatero.

“Ndatsika kale, madala.”

“Ndiye n’chimene ndikunena. Iwe uli apo, ine ndili pano, koma masipuling’i aphwathika. Njinga iyi ili ndi katundu.” Anadzuka, napukuta manja nthawi yaitali ngakhale analibe girisi. “Gostino, undiuze zoona. Wanyamulapo maliro?”

Gostino anafotokoza zonse, za Zelifa, za pamkuyu, za chitenje.

“Pobwerera unkawauza chiyani?”

“Ndani?”

“Malemuwo, iwe!”

“Palibe. Ndikanalankhula bwanji ndi munthu wakufa?”

A Dzimbiri anagwira m’mutu. “Mayo ine, ana inu! Ine ndisanayambe zamasipanalazi ndinkayendetsa lole ya paesiteti, ndipo maliro ndawanyamula osawerengeka. Maliro sanyamulidwa mwakachetechete ngati thumba la chimanga. Umawauza. Tikunyamuka tsopano. Apa ndi pamlatho, tikuwoloka. Apa tikukhota. Ukafika umazimitsa injini n’kunena kuti tafika, tsikani. Thupi anthu amatsitsa ndi manja, koma mwini wake amatsika ndi mawu. Iwe unangothawa. Ndiye ukuti buleki igwire bwanji? Buleki imaimitsa amoyo, mphwanga. Munthu amene sanafike saima.”

“Nditani tsono? Mkazi wanga, a Dzimbiri. Masiku atha.”

“Pita nawo kwawo ukawatsitse. Lero lomwe.”

Anapita. Koma kuseri kwa phiri kuja anapeza a Lingisoni kulibe. Anali mkamwini, ndipo maliro atatha akuchikazi anawamasula, nabwerera kwawo kutali. Atsibweni a malemu anamvetsera nkhaniyo nkhope ili gwaa.

“Ife tinaika, tinameta, tinatha. Mukufuna kutidzutsira maliro ndi njinga yanuyo? Zichokani.”

Gostino anakankha njinga yekha mpaka m’mphepete mwa manda, pamene munthu wamba amalekezera. Anavula chipewa.

“Mayi Zelifa, ndine Gostino wakabaza uja. Ndinalakwa, sindinakuuzeni. Kuno ndi kwanu. Tafika, tsikani.”

Anadikira. Mitengo ya kumanda inangoti zii, ngakhale mbalame osalira. Anayang’ana masipuling’i, sanasunthe. Anapempha kachiwiri, kachitatu, mpaka misozi. Kenako anapinda zopondera zija, nakwera, nauyamba wa kunyumba akudzinamiza kuti mwina zatheka. Asanafike n’komwe pamphambano anamva kumbuyo kwake, kwa! Kenako mbali inayo, kwa!

Chakudza sichiimba ng’oma. Anafika kunyumba mdima ukugwa, mvula itayamba kuwaza, napeza alamu ake a Velonika, mkulu wake wa Nangondo, ataima pakhomo maso ali psuu.

“Munali kuti, alamu? Matenda ayamba kalekale! Ndipo sizili bwino, akutaya magazi.”

M’nyumba Nangondo anali atagwira mwendo wa bedi, akuluma chitenje. Atamuona mwamuna wake sanamukalipire. Bola akanamukalipira. Anangoti, “Bambo, buleki yagwira?”

Gostino anayang’ana pansi.

Anaganiza za machila, koma amuna oyenda pansi ndi mvula imeneyo akanafika kutacha. Anaganiza zothamanga yekha kukaitana thandizo, koma galimoto iti ikanakwera Kalilombe? Panalibe njira ina, abale anga, panalibe. Anatulutsa njinga.

Anamukweza Nangondo, ndipo a Velonika anati akhale kumbuyo kuti azimugwira. Anaponda chopondera, nakweza mwendo, koma anangoterereka n’kugwera m’matope. Anayesanso. Ulendo uno anabwerera okha, akudzipukuta mkono ngati akhudza chinthu.

“Alamu, palibe malo.”

“Malo alipo, alamu, taonani chishalo chonsecho!”

“Ndikuti palibe malo! Pali munthu!”

Nangondo anabuula. Gostino sanatsutsenso. Anatenga chitenje chimodzi mwa zatsopano zija, namangirira mkazi wake kumsana kwake, ndipo pomanga mfundo manja ake anakumbukira kuti anachitapo zimenezi. A Velonika anati atsatira wapansi ndi katundu. Injini inalira. Gostino anadikira kanthawi, ndipo zala zofooka zinamugogoda pamimba kawiri.

Pamwamba pa Kalilombe anaika giya yoyamba, natsitsa mapazi onse awiri. Nyali inkangoonetsa mvula ndi timiyala tonyezimira. Poyamba zinkaoneka ngati zitheka. Kenako njinga inayamba kukoka. Injini inalira ngati ikung’ambika, giya inadumpha yokha, liwiro linakula. Anaponda buleki: fwaa. Anagwira yakutsogolo pang’ono, tayala linaterereka kuloza kuphompho, anaisiya msanga. Nsapato imodzi inavuka n’kutsalira m’mbuyo.

“Musaime.”

Mawuwo anamveka pakhutu pake penipeni. Kaya anali a Nangondo, kaya a yani, Gostino mpaka lero sanena.

“Nangondo, gwiritsani!”

“Musade nkhawa, bambo,” mkazi wake anayankha ndi mawu a munthu wosinza. “Mayiwa andigwira bwino.”

Patsogolo, m’kuwala kwa nyali, munatulukira mkuyu uja, ndi chigongono cha msewu, ndi mdima wa phompho kuseri kwake. Pa liwiro limenelo palibe munthu akanakhota. Ndipo pamenepo, imfa ili pamphuno, m’pamene chinthu chinamutsegukira m’mutu. Mayi uja sanapemphe kupita kwawo. Sanapemphe kumanda. Anapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo iye Gostino anamulonjeza, kenako anaima pamtengo womwewu n’kutembenuka osamuuza.

Anachotsa phazi pabuleki.

“Mayi Zelifa!” anakuwa, mvula ikumulowa m’kamwa. “Apa ndi pamkuyu! Sitiima! Tikupita kuchipatala, mayi, tikukhota tsopano!”

Njinga inapendekeka yokha. Kulemera kwa kumbuyo kuja kunagonera mbali ya thanthwe, monga amachitira munthu wozolowera kukwera, tayala linaluma pansi, ndipo anakhota. Timiyala tokha n’timene tinagwera kuphompho.

Kuyambira pamenepo Gostino sanatseke pakamwa. “Apa ndi pathanthwe logumuka, tikudutsa. Apa ndi pamadimba. Uku kukubwera mlatho wa Namilulu, mayi, tikuwoloka, madzi ndi ambiri koma tiwoloka.” Ankalira uku akunena, osadziwanso kuti akuuza wakufa kapena wamoyo. Njinga inatsika Kalilombe mwa liwiro limene iye sanayambe watsikapo ngakhale masana a chilimwe, ndipo sinaterereke ndi kamodzi komwe.

Magetsi a chipatala anaoneka. Analowa pachipata mlonda akuthawira kumbali, khoma la wodi ya amayi likubwera kutsogolo. Gostino anatsinzina, naponda.

Gwi!

Tayala linalemba mzere m’matope. Njinga inaima chiimire, khoma lili potalika mkono umodzi. Anazimitsa injini.

“Mayi Zelifa,” anatero, “pano ndi pachipatala. Tafika. Tsikani.”

Masipuling’i analira, kwii, ndipo kumbuyo kwa njinga kunakwera m’mwamba. Nangondo, amene njira yonse anali atakhala mowongoka, anagwera cham’mbali ngati wamusiya munthu, chitenje chokha n’chimene chinamugwira. Anamwino anathamanga ndi kabedi ka matayala, namumasula, nalowa naye. Mmodzi anatembenuka pakhomo n’kufunsa kuti, “Bwanji mwachedwa chonchi, bambo? Si tinanena?” Chitseko chinatsekeka.

Anakhala panja. Amuna saloledwa m’menemo. Anakokera njinga pansi pa khonde, napinda zopondera zija, nayesa dzanja pakati pa tayala ndi chitsulo: chikhatho chonse chinalowa. Anaponda buleki, inali yolimba ngati mwala. Anaseka yekha kuseka kopanda chimwemwe. Yagwira tsopano, yagwira! Anakhala pachishalo, phazi limodzi lopanda nsapato, nagoneka mutu pa mahandulo, akupemphera mapemphero onse amene ankawadziwa ndi ena ongopeka.

Mvula inakata. Kunja kunayamba kuyera, atambala a m’midzi ya kuchigwa akulira. M’kati mwa wodi munamveka kulira kwa khanda, kowonda koma kwaukali. Gostino anadzutsa mutu, nati atsike athamangire kuchitseko.

Kwa!

Anauma.

Mbali inayo, kwa!

Masipuling’i analira pang’onopang’ono, kwii, njinga inatsika kumbuyo. Sikunali kulemera kwachilendo ayi. Kumeneku ankakudziwa, anakunyamula kupita kutchalitchi, kumsika, kwa apongozi. Manja anamuzungulira m’chiuno. Ndipo zala zinamugogoda pamimba kawiri.

Pamene anamwino ankatuluka atafukata kamwana m’chitenje chatsopano, n’kuitana kuti, “Amuna awo a Nangondo ndi ati?”, anapeza bambo atakhala panjinga, atagwira pamimba pake ndi manja onse awiri, akulira ngati mwana. Sanafunikire kumuuza kanthu.

Mwanayo anali wamkazi, ndipo anakhala moyo. Ndi uja mumamuona kwa a Velonika, wamfupi, woseka msanga.

Thupi la Nangondo amuna a kwathu analikweza phiri pamachila tsiku lomwelo. Gostino ankabwera pambuyo pawo ndi njinga, pang’onopang’ono, ndipo ulendo uno palibe malo amene anadutsa osanena. “Nangondo, tikunyamuka. Apa ndi pamlatho wa Namilulu, tikuwoloka. Apa ndi pamadimba paja munkagula masamba. Apa ndi pamkuyu, tikukhota.” Onyamula machila ankangomva, misozi ili chuchuchu, osatembenuka.

Atafika pakhomo pawo, thupi linalowa m’nyumba ndi kulira kwa amayi. Gostino anazimitsa injini, koma sanatsike. A Dzimbiri anali pomwepo, chipewa chili m’manja. Anayandikira, nayang’ana masipuling’i, namugwira paphewa.

“Wachita bwino, mphwanga. Watsala ndi mawu awiri okha. Nena.”

Gostino anatsegula pakamwa. Anayang’ana khonde limene mkazi wake ankakhalapo ndi katundu wake womangamanga, kudikira mawa. Anayang’ana manja ake. Kenako anatseka pakamwa, napukusa mutu.

“Gostino, usachite zimenezo. Asiye apite.”

“Ndinawadikiritsa nthawi yaitali kuti akwere, a Dzimbiri,” iye anatero. “Sindingawauze kuti atsike.”

Anatsika yekha, nakankha njinga kulowa nayo pabalaza. Zopondera sanazipinde, anachita kupala mphuthu ya chitseko ndi chikwanje kuti zizilowa zili chotambasula.

Papita zaka tsopano. Ukabaza anasiya, amalima kachewere, ndipo akabaza kumtunda kuja achuluka, ena ndinu muli panonu. Buleki yake yakumbuyo sigwira mpaka lero, ndipo salola munthu kuikhudza ndi sipanala. N’chifukwa chake amatsika Kalilombe mapazi ali pansi, milomo ikugwedera, akutchula malo alionse. Tsono mukadzakumana naye, musadzamukuwize. Ndipo mvula ikadzakupezani panjira, iye n’kutulukira chishalo chakumbuyo chili mbee, musadzavutike n’kumubayitsa. Adzachepetsa liwiro, chifukwa ndi munthu waulemu, n’kukuuzani zimene amauza aliyense:

“Pepani, ndili ndi akazi anga.”